Galimoto Yopulumutsa Kampani

Amuna anga anaphunzira umakaniko ku Limbe, pagalaja ina ya fumbi lokhalokha, ndipo anaigwira ntchitoyo mpaka zikhatho zawo zinauma ngati chikopa. Titabwera ku Glasgow, mapepala awo sanawerengedwe kanthu. Anayenda m'magalaja ambiri, kulikonse ankawauza kuti ayambe akaphunzira kaye, ngati kuti injini za kuno zimalankhula chinenero china. Pomaliza anapeza ntchito yotsuka magalimoto pamalo ena ogulitsira magalimoto atsopano cha ku Maryhill, pafupi ndi ngalande ya maboti ija. Malowo ankagulitsa magalimoto a kampani imodzi yokha, yakunja, imene dzina lake linali lodziwika ngakhale kwathu. Zimenezo zinkawatonthoza. Ankati bola ali pafupi ndi magalimoto, tsiku lina adzalowa mkati mwa galaja, kumene kuli masipanala.

Ine ndinkasamalira okalamba m'nyumba zawo kutsidya kwa mtsinje, cha ku Shawlands, ndipo ntchitoyi ndikuigwirabe. Tinkakhala ku Dennistoun ndi mwana wathu wamkazi, pamwamba penipeni pa nyumba ya miyala yofiira, ya masitepe othyola mawondo. Ntchito yangayi ndi ya pamsewu. Ukamusambitsa uyu, uthamangire kukamwetsa mankhwala uja, kuchoka apo ukaphikire wina phala, masana ubwererenso kwa woyamba uja. Kandalama kamene amakubwezera ka mafuta kamatha mwezi usanafike pakati. Choncho mtengo wa mafuta ndinkaudziwa monga mmene amayi anga ankadziwira mtengo wa feteleza.

Tinali ndi kagalimoto kakale ka dizilo, kogula kwa munthu. Nthawi imene tinkakagula, aliyense ankati dizilo ndiye nzeru, ukathira kamodzi umaiwala. Kanatitumikira mokhulupirika. Kenako kunabwera lamulo lakuti magalimoto akale a dizilo asamalowenso pakati pa mzinda chifukwa cha utsi. Za utsizo sinditsutsa, okalamba anga ambiri amapuma ngati akukoka mtolo. Chimene chinandiwawa n'chakuti kagalimoto komwe dzulo kanali ka anthu anzeru, lero kanasanduka chigawenga. Ndinayamba kuuzungulira mzinda ngati mkamwini wothawa apongozi panjira. Mtunda unatalika, ndipo mafuta amene kankasunga kanayamba kuwamwa pozungulirapo.

Nthawi yomweyo kuntchito kwa amuna anga malonda anali ataima.

"Lero ndatsuka omwe aja a dzulo," ankatero akamavula nsapato pakhomo. "Mbalame za kunyanja zidetse, ine nditsuke. Mvula igwe, ine ndipukute. Wogula ayi."

Pawailesi ankanena kuti kampani yopanga magalimotowo ikudwala. Inali italuza ndalama zaka zotsatizana, itatseka fakitale kwina, itachotsa mkulu wake n'kuikapo wina. Amuna anga, amene kale ankangomvera mpira, anayamba kutchera khutu ku nkhani za malonda. Ponena za kampaniyo ankati "ife". "Ife tikangotulutsa yatsopanoyi, muona." Ndinkawaseka kuti ife ake ati, poti ngakhale mkulu wa kampaniyo sakudziwa kuti ku Maryhill kuli munthu wogwira payipi. Iwo sankakwiya.

Yatsopanoyo inali galimoto yaing'ono yoyendera petulo ndi batire pamodzi. M'tauni, poimaima, imayendera batire, ikayamba kuthamanga injini ndiye imadzuka. Mkulu watsopano uja anali atalengeza kuti galimoto imeneyi ndiyo idzadzutse kampani. Bwana wa pamalo pawo, munthu wa kuno konkuno wa pakamwa pokoma, anasonkhanitsa antchito onse, ndi otsuka omwe, n'kuwaonetsa kanema. Atatha anawakokera pambali amuna anga. Anati akudziwa kuti iwo ndi makaniko, ndipo magalimoto atsopanowa akayamba kuyenda malonda m'galaja mudzafunika manja ambiri, kampani idzawatumiza kukaphunzira za mabatire. Anawonjezera kuti wantchito akafuna kugula, amuchotserako mtengo.

Amuna anga anandiuza zimenezi Loweruka masana ndikusita yunifolomu.

"Mayi, tigule."

"Tigule ndi chiyani, bambo?"

"Ndi za malata zija."

Kwathu ku Chirimba tinali titamanga nyumba mpaka pamwamba pa mawindo. Zimene tinkasunga zinali za denga.

Ndinaimika ayironi. "Galimoto yatsopano, ife? Bwanji osangogula yakale ya petulo, yololedwa m'tauni? Imeneyo ndi yotchipa."

"Yotchipa pogula, yodula poyenda," anatero. "Iyi mumalipira zambiri tsiku limodzi, koma zimabwerera pang'onopang'ono pampope wa mafuta. Munthu woyenda pang'ono sangapindule nayo. Koma inu mumayenda tsiku lonse, poimaima, ndiye malo ake enieni amenewo. Ikadzabweza zake, zotsalazo n'zathu. Denga tidzafolera ndi mafuta amene sitinagule."

"Idzabweza liti?"

"Zaka zochepa chabe."

"Nanga kampani yanu yodwalayo ikafa zakazo zisanakwane?"

Anakhumudwa ngati ndawatukwanira mbale wawo. "Kampani yaikulu chonchija siifa. Komanso ndingaime bwanji pamaso pa bwana kupempha malo m'galaja, mwiniwakene ndikuyendera galimoto ya kampani ina?"

Apo ndinazindikira kuti mtima wawo unali pa sipanala, galimotoyo inali njira chabe. Zaka zonsezo ndinkawaona akubwera manja atatuwa ndi sopo, munthu amene kwathu madalaivala a minibasi ankamudikirira pamzere. Ndinavomera.

Mmodzi mwa okalamba anga anali bambo wina wamasiye wa ku Shawlands, wodulidwa mwendo chifukwa cha shuga, munthu wodandaula ndi chilichonse. Tiyi wazizira, boma ndi la mbava, wailesi ikulankhula zopusa. Tsiku lina ndikuwaveka malaya ndinawauza za galimoto imene tikufuna kugula. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Kagalimoto kopulumutsa kampani," anatero m'Chingerezi chawo chokhuthala chija, chimene chinanditengera nthawi kuti ndizichimva. "Ine ndinapangapo kotere. Kunali fakitale kunja kwa mzinda uno, chakumadzulo. Ndinalowamo ndili mnyamata, ndinkamangirira zitseko. Kagalimoto kathu kanali kakang'ono, kosamwa mafuta, ndipo anatiuza kuti tidzadya nako mpaka adzukulu. Pitani mukaone lero. Pali masitolo ndi poimika magalimoto a ena."

"Zimenezo n'zakale, agogo. Masiku ano n'zina."

"Mwina," anatero. "Ndipatseni mano anga oikirirawo."

Sindinawamvere. Munthu amene tiyi aliyense amati ndi woipa, tsiku limene tiyi waipadi sumukhulupirira.

Tinakaitenga Lachisanu. M'mawa wa tsikulo amuna anga anaitsuka okha monga ankatsukira za anthu ena onse, kenako anasintha zovala n'kudzalowera khomo lakutsogolo ngati kasitomala. Kadizilo kathu anakatenga pa mtengo wa chitsulo. Lamlungu titatuluka m'tchalitchi, mkulu wa mpingo anaisanjika manja n'kupemphera, amayi anzanga akululuza chapansipansi kuopa kusokoneza aneba. Azibambo anaizungulira akudabwa kuti yayaka kale koma sikumveka. Amuna anga anafotokoza za batire mpaka tiyi anazizira mu holo.

Ndinene zoona, galimotoyo sinaname. Mafuta inkangowanyambita. Ndinkadutsa pampope masiku ambiri osaima, ndinkalowa pakati pa mzinda mutu uli m'mwamba. Mwana wathu, amene ngakhale umufunse m'Chichewa amayankha m'Chingerezi cha kuno, anasiya kutiuza kuti tizimutsitsira patali ndi geti la sukulu. Amuna anga ankati akaweruka amakhala patebulo ndi foni, kuonera makanema ophunzitsa za mabatire, kuti tsiku la maphunziro likadzafika adzawapeze ali patsogolo. Miyezi imeneyo m'nyumba mwathu munali kuseka.

Koma ogula sanabwere. Anthu ankafika kudzaiona, kuizungulira, kufunsa mtengo, n'kunena kuti abweranso. Amuna anga anayamba kubwera ndi zifukwa za bwana wawo. Akuti mafuta atsikako pang'ono, ndiye anthu aiwala ululu, abwerera ku zimagalimoto zazikulu. Akuti olemera akugula zoyendera magetsi okhaokha za makampani ena. Akuti ena akuopa kugula kwa kampani imene nyuzipepala zikuti ikudwala, ndipo kuopa kwawoko ndiko kukuidwalitsa kwambiri. Ine ndinali ndi chifukwa changa, chimene ndinachiona mwa anzanga a kuntchito. Onse ankaisirira galimoto yanga, onse ankalira ndi mafuta, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene akanatha kugula yatsopano. Amene mafuta amamupweteka alibe ndalama yogulira galimoto yosamwa mafuta, ndipo amene ali nayo ndalamayo, mafuta samupweteka. Ife tinakwanitsa chifukwa tinapereka denga. Si onse ali ndi denga lopereka.

Tsiku lina bwana uja anawaululira yekha kuti ngakhale kagalimotoko katagulidwa, phindu lake kwa kampani ndi lochepa. Batire ndi lodula, ndalama zenizeni zili m'magalimoto aakulu. Amuna anga anandibwerezera mawuwo akuyang'ana m'mbale. Ndinawafunsa kuti nanga n'chifukwa chiyani ankati ndi kameneka kadzapulumutse kampani. Anangopitiriza kudya.

Nkhani yoti kampani ikusiya kugulitsa magalimoto m'dziko lino amuna anga anaimva kwa kasitomala. Mayi wina anabwera kudzakonzetsa galimoto yake, n'kuwapeza pabwalo payipi ili m'manja.

"Ndiye inu mupita kuti akatseka pano?" anawafunsa.

Iwo anaganiza kuti mayiyo wasokoneza malo. Mayiyo anawaonetsa pafoni. Kampani inkati pofuna kuchira iyenera kusiya misika yopanda phindu n'kulimbikira kumene imapindula. Inalonjeza kuti amene anagula kale sadzasiyidwa okha, masipeyala azipezekabe. Masana ake bwana anawasonkhanitsanso onse, ulendo uno popanda kanema. Iyeyo anali atapeza kale malo kwa ogulitsa magalimoto a kampani ina. Amakaniko a m'galaja nawonso anatengedwa msangamsanga, poti anali ndi mapepala a kuno. Otsuka panalibe wowafuna. Ntchito yomaliza ya amuna anga inali kutsuka magalimoto osagulidwa aja kuti akwere pamalole ali oyera. Za maphunziro a mabatire palibe anazitchulanso.

Anayendanso m'magalaja ngati poyamba paja, tsopano tsitsi lili ndi imvi. Yankho linali lomwe lija.

Nyengo yozizira itafika, m'mawa wina pa dashibodi panayaka kanyali kachikasu, kenako kofiira, galimoto n'kukana kusuntha. Inali itaima pansi pa windo lathu. Amuna anga anatsika ndi bokosi lawo la zitsulo limene anachoka nalo ku Limbe, ine ndikuwagwirira ambulera. Anatsegula boneti. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana nthambo zonenepa za batire, zimene paliponse palembedwa kuti wosaphunzira asakhudze. Anagwira apa, anapendeketsa mutu apo kuti amvetsere. Panalibe choti amve, galimoto imeneyi silira.

"Imafuna kompyuta yawo," anatero. "Ndikaigwira magetsi angandiphe. Akapanda kundipha, akampani adzakana kuikonza ulere, adzati ndaononga ndine."

Anatseka boneti pang'onopang'ono ngati akufunditsa wodwala. Bokosi lija anakwera nalo osalitsegula.

Galaja yololedwa kukonza magalimotowa inali itatsala kutali kunja kwa mzinda. Anaikoka kupita nayo kumeneko. Anapeza kuti chaonongeka ndi kachipangizo koyang'anira batire. Kukonza kunali kwaulere, koma sipeyala yake inayenera kuchokera kutsidya kwa nyanja. Sabata yamawa. Sabata inayo. Mwezi uno usanathe. Ndinaimba foni mpaka mtsikana wa pamenepo anayamba kundidziwa mawu. Sindinkamukalipira, nayenso ankangowerenga zimene akuona pa kompyuta. Galimoto yondibwereka analibe.

Ndinabwerera ku mabasi ndi sitima. Kuchoka ku Dennistoun kulowa m'tauni, kusintha, kutsika ku Shawlands, kenako wapansi nyumba ndi nyumba m'mvula ya kuno imene imagwa chopingasa n'kukulowa m'makutu. Ndinkachedwa paliponse. Ku ofesi anandichotsera okalamba ena n'kuwapatsa anzanga a magalimoto, malipiro anga n'kuchepa. Zonse zimene galimoto inatisungira pampope zinatha m'miyezi imeneyo, zinapita ndi zina pamwamba. Ndiye achimwene anga anatumiza chithunzi kuchokera ku Chirimba. Khoma limodzi la nyumba yathu yopanda denga linali litagwa ndi mvula. Ndinawaonetsa amuna anga. Anayang'ana, n'kundibwezera foni.

"Nenani," anatero.

"Ndinene chiyani?"

"Zimene zili kukhosi kwanuzo. Kuti munandiuza."

"Amene ananama si inu, bambo."

"Koma amene anakhulupirira ndine."

Sitinakangane. Mwina tikanakangana zikanatuluka, mafinya akanachoka. M'malo mwake m'nyumba munalowa ulemu wozizira, wa anthu okwera basi imodzi osadziwana.

M'mawa wina basi sinabwere, ndipo ndinafika mochedwa kwambiri kwa bambo a mwendo umodzi aja. Ndinawapeza atanyowa pabedi, akunjenjemera, poti sankatha kudzuka okha. Ananditukwana ndi mawu onse amene ankawadziwa. Ndinawasambitsa misozi ikugwera m'beseni. Nditawakhazika pampando anafunsa kuti galimoto yanga ili kuti. Ndinawauza zonse, ndikuyembekezera kuti aseka. Sanaseke.

"Amuna anu akutani masiku ano?"

"Ali kunyumba."

"Musawalole kukhala pawindo," anatero. "Atatseka fakitale ija ine ndinakhala pawindo chaka chathunthu. Mkazi wanga sanandikhululukire mpaka imfa yake, ndipo sindimuda."

Amuna anga analidi pawindo. Anali atasiya kupita kutchalitchi chifukwa azibambo ankafunsa za galimoto, ena mwachifundo, ena ndi kakumwetulira kobisa. Ndinachita kupita ndekha kwa namwino wina wa mumpingo mwathu kukamudandaulira, ndipo iye ndiye anawapezera ntchito kunyumba yosungirako okalamba, kochapira zovala. Ali komweko mpaka pano, pakati pa mabulangete ndi mapijama. Sadandaula. Amapita, amabwera, amadya chimene wawapatsa.

Sipeyala ija inafika maluwa achikasu atayamba kutuluka m'mapaki. Galimoto inabwerera ili bwinobwino. Ndinafuna kuigulitsa ndisanaonenso kanyali kaja. Ndinayenda nayo kwa ogula magalimoto akale, ndipo aliyense ankayamba waiyamikira kuti ndi yosamalidwa, kenako n'kutchula mtengo wachipongwe. Wina anandiuza mosabisa kuti galimoto imene kampani yake yachoka ndi mwana wamasiye, onse amamumvera chisoni koma womutenga palibe. Ndinabwerera nayo. Ndikuyendabe nayo mpaka lero. Mafuta ikuwanyambitabe monga analonjezera, koma ndikaima pampope n'kulipira zochepa, chimene chimandibwerera ndi mkwiyo. Ndikamayendetsa, diso limodzi limakhala pamsewu, lina pa dashibodi.

Chaka chatha, Lamlungu lina masana, mwana wathu anatuluka m'chipinda foni ili m'manja.

"Adadi, kampani yanu ija yayambanso kupanga phindu," anatero, theka m'Chichewa chake chopindikapindika, theka m'Chingerezi. Ankaganiza kuti watibweretsera nkhani yabwino. Anatiwerengera. Odziwa za malonda ankamutama mkulu wa kampani uja kuti analimba mtima, anadula nthambi zouma, anasiya misika yofooka ndi timagalimoto ting'onoting'ono, ndipo tsopano akugulitsa zazikulu kumayiko kumene mafuta ndi otchipa. Kampani inali itachira.

"Nthambi zouma," anatero amuna anga. Anapitiriza kupukuta nsapato zawo za kuntchito.

Ine ndinapsa mtima kuposa tsiku limene anatseka. Kampaniyo ikanafa, ndikanati tagwa tonse, maliro ndi maliro. Koma inachira, ndipo mankhwala ake tinali ife. Wodwala anadzuka pabedi n'kumapita, osafunsa n'komwe kuti magazi amene anamuthira anali a yani. Ndinalowa kubafa n'kutsegula mpope kuti mwana asandimve.

Mwana uja tsopano wafika msinkhu woyendetsa galimoto. Mwezi wathawu analandira chilolezo chophunzirira, anabwera nacho akuvina, n'kuwapempha bambo ake kuti azimuphunzitsa Loweruka m'mawa pabwalo la sitolo yaikulu anthu asanadzaze. Anzake amalipira aphunzitsi, iye ankanyadira kuti ali ndi makaniko m'nyumba.

"Upeze wokuphunzitsa," anatero bambo akewo. "Ndidzalipira."

"Koma ine ndikufuna inuyo, adadi."

"Ine za magalimoto sindizidziwa."

Mwanayo anandiyang'ana kuti tisekere limodzi, poganiza kuti ndi nthabwala. Sindinaseke. Loweruka lotsatira ndinamutenga ndine, ine amene ndikapanikizika ndimasokoneza kumanja ndi kumanzere. Anakwera pamwala wa m'mbali mwa msewu, ndinamukalipira, analira, tinabwerera kunyumba. Bambo ake sanafunse kuti zayenda bwanji.